Mchere wa M'botolo Lakale

Pa tsamba la pa intaneti la dipatimenti, mphunzitsi aliyense anali ndi ndime yake pansi pa chithunzi, yofotokoza zimene amafufuza. Ena ankasintha ndime zawo chaka ndi chaka ngati malaya. Ya a Bwerezani inali isanasinthe ngakhale chilembo chimodzi kwa zaka khumi ndi zinayi, moti chithunzi chake chinkawaonetsa tsitsi lidakali lodzaza mutu. Ndimeyo inkati: "Tikufufuza puloteni imene kachilombo ka matenda a m'mapapo kamadulira khungu la selo kuti kalowe. Tikaidziwa bwino, tidzapeza mankhwala oitsekereza." Anali mawu okoma, osachita kufunsa. Vuto linali lakuti kwa miyezi inayi tsopano, mwini wake wa ndimeyo ankadziwa kuti si zoona.

Dzina loti Bwerezani anawapatsa ndi ophunzira. Munthu akabwera ndi zotsatira za ntchito yake, kaya zabwino kaya zoipa, yankho linali limodzi: "Bwerezani." Eni ake ankalidziwa dzinalo, ndipo chamumtima ankalinyadira.

Lachisanu limenelo linali tsiku la mafomu. Mwambo wa pa dipatimenti unali wakuti ophunzira atsopano a udokotala wa sayansi ankayamba azungulira malabotale, masabata asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uko, kenako aliyense n'kulemba pa fomu mphunzitsi amene wasankha kukhala naye zaka zinayi. Mphunzitsiyo ankasaina, ndipo fomu inkayenera kufika kwa mlembi isanakwane thwelofu koloko masana. Panalinso lamulo lina limene anthu ankalitchula monong'ona. Mphunzitsi amene watha zaka zitatu zotsatizana popanda womusankha ankalandidwa chipinda cha labotale, n'kutsala ndi choko basi, kumaphunzitsa ana a chaka choyamba. A Bwerezani anali atatha kale ziwiri.

M'mawa akazi awo anawapeza ataima pakhomo la kuchipinda, nsapato ili kumwendo umodzi.

"Bambo a mapasa, lero ndi lero," anatero mayiwo uku akusita malaya. "Mumuuza mwana wa eni ake amene akufuna kukusankhaniyo kapena ayi?"

"Ndikaona."

"Mukaona chiyani? Mwakhala mukuona miyezi inayi."

"Nkhani yake si yapafupi ngati mmene mukuganiziramo, mayi."

"Ine sayansi yanuyo sindiidziwa. Ndimangodziwa kuti mchere ukatha m'botolo, watha. Watsala wochuluka bwanji?"

"Wa miyezi isanu. Titasamala, isanu ndi umodzi."

"Pamene iye akufuna zaka zinayi." Anawapatsa malaya akadali otentha. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Valani musachedwe."

Nkhani ya mcherewo inali yotere. Puloteni siigwira ntchito m'madzi wamba. Imafuna madzi osungunuliramo mchere wapadera woyezedwa pa sikelo, amene anthu a m'labotale ankangowatcha msuzi. Ukaika puloteni ya a Bwerezani mumsuziwo pamodzi ndi mankhwala oyesera, n'kudikira mphindi makumi anayi, madzi a m'kachubu ankasanduka achikasu. Chikasucho ndiye chinali umboni woti puloteni yadula. Mapepala awo onse asanu ndi anayi, ulemu wawo, ngakhale mpando umene ankakhalira, zonse zinaima pa chikasu chimenecho.

Mchere wopangira msuziwo anaugula kamodzi kokha atangoyamba ntchito, chibotolo chachikulu cha chivindikiro chabuluu. Kwa zaka zambiri chinkakhala pa shelefu, aliyense n'kumatapamo. Chitayamba kuoneka pansi, kaumbombo ka akatswiri kanawagwira. Anachitsekera m'kabati yawo, ophunzira n'kuwagulira botolo latsopano la kampani yomweyo, dzina lomwelo, zolemba zomwezo.

Woyamba kugwiritsa ntchito botolo latsopanolo anali mtsikana wina wofatsa amene ankamutcha Wamanzere. Chaka chonse ndi theka machubu ake ankangokhala mbee ngati madzi a pampopi. A Bwerezani akapanga okha ndi msuzi wawo, chikasu chinkabwera. Mtsikanayo ankabwera ndi maganizo osiyanasiyana, koma iwo sankawamvetsera bwino, poti yankho anali nalo kale m'thumba. Pamapeto analemba m'lipoti kuti wophunzirayu mutu ali nawo, koma manja alibe. Mtsikanayo anachoka osamaliza, ndipo a Bwerezani anamva kuti akugulitsa mankhwala m'sitolo ina mutauni. Kuyambira pamenepo ophunzira ankadutsa pakhomo la a Bwerezani mofulumira ngati pali galu.

Miyezi inayi yapitayo, pofuna kusunga kotsalako, a Bwerezani anapanga okha msuzi ndi botolo latsopano. Madzi anakhala mbee. Anabwereza kasanu ndi kawiri, chifukwa dzina lija sanalitole panjira. Kenako anatumiza kamchere ka m'botolo lakale kwa anzawo oyeza mankhwala, osawauza chifukwa. Yankho linabwera pa kapepala kamodzi. Mcherewo unali wodetsedwa ndi kachitsulo kena kochepetsetsa, kamene m'thupi la munthu kapena la kachilombo simupezeka n'komwe. Puloteni ija inkadula pokhapokha kachitsuloko kalipo. Kunena mosapsatira, inkadula m'kachubu ka a Bwerezani mokha, osati m'mapapo a munthu aliyense padziko lino. Kapepalako anakapinda kanayi n'kukaika m'thumba la chikwama, ndipo anauza akazi awo okha.

Atafika kuntchito anapeza m'khonde mwapanikizika. Bokosi lalikulu lamatabwa linali litakhala pamenepo mwezi wathunthu. Munali makina atsopano owerengera majini, tizinthu tosunga chibadwa cha zamoyo, a mphunzitsi wa chipinda choyandikana nawo, mayi wina woyenda ngati wasiya mphika pamoto, amene ankamutcha a Liwiro. Makinawo analibe powaika, ndipo aliyense ankadziwa chipinda chimene ankachidikira. A Bwerezani anadutsa cham'mbali, mimba atailowetsa m'kati.

Namafunso anali atafika kale. Ameneyu ndiye wophunzira amene anamaliza nawo masabata asanu ndi limodzi dzulo lake. Sanali mwana. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi atatu, amene anasiya ntchito yoyeza magazi kuchipatala kuti abwerere kusukulu, ndipo ankafunsa mafunso mpaka munthu kuuma kukhosi. Ophunzira ozungulira sankadzipangira msuzi, ankapatsidwa wopangapanga, wa mchere wa m'botolo lakale. Choncho machubu ake onse, kuyambira tsiku loyamba, ankatuluka achikasu chowala, iye n'kumawajambula pafoni.

"Aphunzitsi, ndalemba kale. Kwatsala inu," anatero, n'kuika fomu patebulo. Wotchi ya pakhoma inali pa teni koloko.

A Bwerezani anakhala pansi n'kutulutsa cholembera. Ankangofunika kulemba dzina lawo basi, ntchito ya mphindi imodzi, ndiye kuti bokosi lija likanapitiriza kugona m'khonde. Mumtima anayamba kudzinyengerera monga amachitira munthu aliyense. Miyezi isanu ndi yambiri. Mwina adzapeza funso lina loti amupatse. Mwina adzamuuza pang'onopang'ono, chipinda chitatetezeka kale.

"Ndinawaimbira amayi dzulo," Namafunso anapitiriza, akuvala gauni loyera. "Akuti mwana wanga andisungira zaka zonse zinayi, bola ndisabwere chimanjamanja. Ndikamamaliza adzakhala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwina azidzanditchula kuti anti." Anaseka pang'ono. "Anzanga amandiopseza, akuti muno munatuluka munthu akulira. Ine ndinawauza kuti zimenezo ndi za manja. Anga ndi abwino, munanena nokha."

Ananenadi, sabata yachiwiri, akudziwa bwinobwino chimene chinali m'machubumo. Manyazi anawagwira. Anaika cholembera pansi.

"Tisanasaine, bwerezani," anatero.

Namafunso anaseka kwambiri. "Ngakhale lero, aphunzitsi?"

"Ngakhale lero. Koma msuzi mupange nokha. Mutape m'botolo ilo la pa shelefu."

Wina angafunse kuti bwanji sanangomuuza pompo. Kunena zoona, kulimba mtima kwawo kunathera pamenepo. Komanso pansi pa mtima panali kachiyembekezo kopusa, kosayenera munthu wophunzira chonchi, koti mwina m'manja mwa mayi ameneyu botolo latsopano lichita zimene linakana kasanu ndi kawiri.

Namafunso anagwira ntchito mwaukhondo wa munthu wozolowera magazi a anthu. Anayeza mchere pa sikelo, anasungunula, anatenga puloteni mufiriji n'kuiika pa ayezi. Anadontheza m'machubu asanu ndi limodzi ndi pipeti, chigongono atachitsamiritsa patebulo kuti dzanja lisanjenjemere. Nthawi itakwana twente to leveni anaika machubu m'madzi ofunda n'kutchera kawotchi.

"Mphindi makumi anayi. Twente pasiti tiona, tisaina, ndithamangira kwa mlembi," anatero. Foni yake inalira m'thumba. "Ndi amayi. Mundikhululukire pang'ono."

Anatuluka, chitseko chinatsekeka, m'chipinda munangotsala kulira kwa firiji.

A Bwerezani anayang'ana machubu aja. Anali otsegula pakamwa, asanu ndi limodzi, atandandalika. Kiyi wa kabati anali m'thumba lawo la malaya. Kamchere kongokwana pansonga ya kasupuni, kusungunula m'timadzi, kadontho kamodzi m'chubu chilichonse, basi. Palibe akanadziwa. Anadzidzimuka ataima kale pakabati, chitseko chake chili chotsegula, botolo la chivindikiro chabuluu lili m'manja. Linali lopepuka momvetsa chisoni. Anapotokola chivindikiro.

"Odi, adokotala."

Botolo linatsala pang'ono kugwa. Pakhomo panali a Makiyi, mkulu wosamalira zipangizo za dipatimenti yonse, mulu wa makiyi uli m'chiuno, tepi yoyezera ili m'manja.

"Pepani, andituma akuluakulu kuti ndiyeze khoma ili. Akuti n'zongokonzekera, musadandaule. Ine ndinawauza kuti munthu samuyeza bokosi akadali kupuma, koma ndani amamvera wa makiyi?" Anakoka tepi kuchokera pawindo kukafika pasinki, akung'ung'udza kanyimbo. Kenako anaona botolo. "Aa, agogo aja akadalipo? Ndinawanyamula ndine pa masitepe tsiku limene anafika. Msana unandipweteka sabata yathunthu."

"Akadalipo."

"Ndamva kuti mwapeza munthu chaka chino. Zikomo kwambiri. Ndiye tepi yangayi ndavutikira chabe." Anailola kuti ibwerere yokha m'chikombole chake. "Mtsikana uja wamanzere ndinamuona mwezi watha. Anandigulitsa mankhwala a chifuwa. Ndiye kumangatu kapaketi mwaluso, ngati mphatso ya ukwati."

Anatuluka makiyi ali jegwejegwe. A Bwerezani anakhala chiimire, botolo lotsegula lili m'manja, wotchi ikunena kuti kwatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Nthawi inalipo yokwanira. Anayang'ana m'botolomo, kamchere koyera katasonkhana pakona. Kenako anatseka chivindikiro, anaika botolo patebulo poonekera, n'kukhala pampando manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti asawatume kanthu.

Namafunso anabwerera kawotchi katangotsala pang'ono kulira. Anatulutsa machubu n'kuwakweza pawindo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anatenga pepala loyera n'kuliika kumbuyo kwake, monga amachitira anthu ofuna kuona mtundu wofooka. Munalibe kanthu. Onse asanu ndi limodzi anali mbee.

"Ndalakwitsa penapake," anatero motsitsa mawu. Anatsegula kope lake, chala chikutsata manambala. "Sikelo ndinaiona kawiri. Mwina puloteni inafunda. Kapena ndi ine, aphunzitsi. Ndinali ndi phuma, manja anga lero..."

"Si manja anu."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Anatenga botolo latsopano n'kuliika pambali pa lakale. Anatulutsa kapepala kaja m'chikwama, kopindika mpaka kutsala pang'ono kung'ambika, n'kumupatsa. Kenako anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene a Makiyi anakwera nalo botolo pa masitepe. Sizinatenge nthawi. Zaka khumi ndi zinayi zinakwana m'mphindi zinayi.

Namafunso anawerenga kapepalako kawiri. Mayi wa mafunso uja anafunsa limodzi lokha.

"Munadziwa liti?"

"Miyezi inayi yapitayo."

"Ine ndinabwera masabata asanu ndi limodzi apitawo." Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri. "Ndinkajambula machubu n'kumatumizira amayi. Inu muli pomwepo, mukundiyang'ana."

"Ndinalakwa."

"Munalakwa, inde. Nanga pano nditani? Onani nthawi." Inali itadutsa hafu pasiti leveni. "Anzanga onse anapereka mafomu m'mawa. Kwina kumene ndinazungulira ndi kwa a Liwiro kokha, ndipo ndinawakana Lolemba chifukwa cha inu. Atenga kale atatu, alibe pokhazika munthu. Fomu ikapanda kulowa ndidikira chaka chamawa. Ntchito ndinasiya. Ndikawauza chiyani amayi?"

Apa mpamene a Bwerezani anaona kuti kuchedwa kwawo kunalinso ndi mano. Ankaganiza kuti akanena zoona, wopweteka akhala iwo okha. Anatenga fomu ija, anadula dzina lawo ndi mzere umodzi, n'kuimirira.

"Tiyeni."

A Liwiro anawapeza ataweramira kompyuta, ophunzira atatu atapanikizana patebulo limodzi ngati anapiye. Aphunzitsi awiriwa anali asanalankhulane mawu opitirira moni kuyambira pamene bokosi lija linafika.

"Mayi, ndabwera kudzapempha. Mumutenge uyu," anatero a Bwerezani.

A Liwiro anavula magalasi. "Si wanu ameneyu? Anandikana pamaso."

"Anakukanani chifukwa ndinamunamiza. Ntchito yanga ija yafa, ndidzafotokoza pamsonkhano wa Lachiwiri. Iye alibe mlandu. Ndi wabwino kuposa onse amene ndinawaphunzitsapo, kupatula mmodzi."

Ophunzira atatu aja anasiya kutaipa. A Liwiro anayang'ana wotchi, kenako chipinda chawo chodzazacho.

"Ndikanakonda, akulu, koma ndimuika pati? Pamutu? Lamulo likuti wophunzira aliyense akhale ndi tebulo lake. Mlembi salandira fomu popanda nambala ya tebulo."

"Lembani tebulo loyamba, chipinda changa."

"Mukudziwa chimene mukunena? Ndikalemba zimenezo, ndiye kuti..."

"A Makiyi ayeza kale khoma. Makina anu akwana, atsalanso malo a sinki."

A Liwiro anawayang'anitsitsa. Anali atachilakalaka chipindacho mwezi wathunthu, koma sanayembekeze kuti mwini wake adzachibweretsa yekha m'manja, ndipo nkhope yawo inaoneka ya munthu amene chakudya chamukanika kumeza. Anatenga cholembera n'kusaina. Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu. Namafunso anatsomphola fomu n'kuthamanga, gauni likuuluka kumbuyo, ndipo sanatembenuke kuti athokoze. A Bwerezani sanamuone kulakwa.

Anabwerera m'chipinda chawo, chimene tsopano chinali cha eni. Anataya madzi a m'machubu aja musinki, anatsuka machubuwo limodzilimodzi n'kuwayanika, ngakhale kuti panalibe chifukwa. Chisoni chinawagwira chenicheni, cha munthu amene waika maliro. Koma panali patatsala ntchito imodzi, imene ankaiopa kuposa zonse za tsikulo. Anatulutsa foni. Nambala inali ikadalimo, ndipo anachita manyazi kuona kuti ngakhale iwo anailemba pa dzina loti Wamanzere.

Inaitana kanayi. Kumbuyo kunkamveka anthu ndi phokoso la galimoto za mumsewu.

"Halo?"

"Ndine mphunzitsi wanu wakale uja."

"Ndakuzindikirani mawu. Muli bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaimba kuti ndikuuzeni chinthu chimene ndinayenera kukuuzani kalekale. Machubu anu aja ankanena zoona. Anga ndi amene ankanama. Vuto linali mchere wa m'botolo langa lakale. Manja anu analibe vuto lililonse, ndipo lipoti lija ndikalembanso, ndikauza dipatimenti yonse."

Anadikira. Anali atakonzekera kulira, kapena kutukwanidwa, ndipo zonsezo akanazilandira.

"Ndinkadziwa," anatero Wamanzere, mawu ali phee. "Ndinakupemphani katatu kuti tisinthane mabotolo, tione. Kachitatu ndinachita kulemba pa pepala n'kuika patebulo panu. Mukukumbuka chimene munandiyankha?"

A Bwerezani anatsegula pakamwa kuti akane, koma chinthucho chinawabwerera chonse. Anakumbukira kapepala kolembedwa mopendekera kumanzere, ndi iwo eni akukakankhira pambali ndi kapu ya tiyi.

"Munati mchere ndi mchere, bwerezani," anatero mtsikanayo. "Ndinabwereza chaka ndi theka. Pepani aphunzitsi, pali odwala akundidikira pa kauntala."

Foni inaduka. M'khonde munamveka makiyi, kenako kukhuluzika kwa matabwa pa simenti. A Makiyi anasuzumira pakhomo, anawayang'ana, anayang'ana botolo la chivindikiro chabuluu patebulo, ndipo ulendo uno sananene nthabwala. Anangopempha kuti a Bwerezani asunthe mpando wawo pang'ono, bokosi la makina lilowe.